Ndinalipira mapaundi 15 kuti andionetse makoma a ku Brighton

Titabwerako ku England mwezi wa Okutobala chaka chatha, abale anasonkhana kwathu ku Area 25 kudzatilonjera, ndipo foni yanga inayamba kuyenda m'manja mwa anthu kuti aliyense aone zithunzi. Alamu anga a ku Kawale, amene salola chinthu kuwadutsa asanafunse mtengo wake, anaima pa chithunzi cha khoma lina lochoka pulasitala n'kundifunsa kuti, "Alamu, ulendo wonse uja wa pandege mumakajambula zigumukire ngati izi?" Nditawauza kuti sindinangojambula, koma ndinachita kulipira munthu kuti andiyendetse m'misewu n'kumandionetsa makoma oterowo, anaseka mpaka misozi. Popeza ambiri a ife kuno ku Lilongwe tili ndi ana kapena abale amene akugwira ntchito kapena kuphunzira ku England, ndipo ena mwa inu mudzaitanidwa kukaona zidzukulu kapena kukaonerera mwana akulandira digiri, ndaona kuti ndi bwino ndilembe mwatsatanetsatane za ulendo umene ndinalipirawo, pamene unandikhutiritsa ndi pamene unandikhumudwitsa, kuti wina akadzafika ku Brighton adzatulutse ndalama yake akudziwa chimene akugula.

Ndiyambe ndi kudziulula, chifukwa maso a munthu amatsata ntchito yake. Ine ndagwira ntchito ya zomangamanga kwa zaka zoposa 30, kuyambira pa kuponda matope ndi kuyala njerwa mpaka kukhala kapitawo, ndipo ndikalowa m'nyumba ya munthu, anzanga akamayamikira mipando ine ndimakhala ndikuyang'ana mng'alu wa pamwamba pa zenera. Mwana wathu wamkazi, amene ndi namwino, amakhala ku Hove, tauni yolumikizana ndi Brighton kotero kuti mlendo sangadziwe pamene ina yathera. Matauni awiriwa adawaphatikiza mu 1997, ndipo ali m'mphepete mwa nyanja kumwera kwa England, ulendo wa pafupifupi ola limodzi pa sitima kuchokera ku London, kapena theka la ola kuchokera pa bwalo la ndege la Gatwick. Mwanayo, podziwa matenda a bambo ake, ndi amene anapeza pa intaneti kagulu kena koyendetsa alendo wapansi m'misewu yakale, ndipo ngakhale anafuna kulipira yekha, ndinakakamira kutulutsa zanga, kuti ndikadzadandaula ndidzadandaule ndi ufulu. Mtengo unali mapaundi 15 munthu mmodzi, ndipo analemba kuti ulendowo ndi wa maola awiri. Ndalamayo nditaisandutsa makwacha m'mutu mtima unagunda, koma ndinali nditalankhula kale. Tinalipo anthu 12, ndipo wotitsogolera anali mayi wina wachikulire, mphunzitsi wopuma ntchito, amene ananyamula chikwatu cha zithunzi zakale zokutidwa ndi pulasitiki.

Tinakumana pa tchalitchi cha St Nicholas, chimene chili pa kaphiri kumtunda kwa tauni yakale, ndipo mayiyo anayamba bwino chifukwa sanayambe ndi mafumu koma ndi asodzi. Brighton poyamba udali mudzi wa asodzi wotchedwa Brighthelmstone, ndipo m'kaundula wa chuma cha dziko amene adalembedwa mu 1086 mudziwo umapezekamo ukupereka msonkho wa nsomba 4,000 za mtundu wa herring. Asilikali a ku France adautentha mu 1514, kenako mphepo zamkuntho za mu 1703 ndi 1705 zidakokolola nyumba za kumunsi kwa gombe, mudziwo n'kusanduka malo osauka amene anthu ankawathawa. Chimene chidaudzutsa ndi mbiri ya mankhwala. Dokotala wina wa ku Lewes, Richard Russell, adafalitsa mu 1750 maganizo akuti kusamba m'madzi a m'nyanja, ngakhale kuwamwa kumene, kumachiritsa matenda ena, ndipo olemera a ku London adayamba kukhamukira kumeneko kukafuna thanzi. Mayi a kunyumba, amene ndinali nawo, anandinong'oneza kuti, "Kwathu sing'anga akanati azimwetsa anthu madzi amchere bwenzi titamutchula mayina, koma uyu wamangitsa tauni." M'manda a pa tchalitchipo tinaona chiliza cha Martha Gunn, mayi amene adamwalira mu 1815, yemwe ntchito yake idali kulandira odwala ndi olemera otuluka m'tinyumba ta matabwa ta magudumu tokokeredwa m'madzi, n'kuwamiza ndi kuwavuula. Anatiuzanso za Sake Dean Mahomed, mwamuna wobadwira ku Patna m'dziko la India, amene adatsegula malo osambira nthunzi ndi kusisita thupi mu tauniyo n'kufika posisita mafumu awiri, George IV ndi William IV, ndipo nayenso adaikidwa pomwepo mu 1851.

Kuchoka pamenepo tinatsetserekera ku The Lanes, tinjira topanikizana ta pakati pa West Street, North Street ndi East Street, timene timatsatabe mmene mudzi wa asodzi udayalidwira, ngakhale kuti nyumba zambiri zimene zilipo lero ndi za zaka za m'ma 1700 ndi 1800. Mu Black Lion Lane ndinakhudza makoma onse awiri osatambasula n'komwe manja mokwanira. Masiku ano m'tinjirati mwadzaza masitolo a mphete, ndolo ndi mawotchi, pamodzi ndi malo omwera khofi. Kwa munthu wozolowera kudutsa chammbali mumsika waukulu wa Lilongwe kapena m'tinjira ta ku Mchesi, kupanikizana sikodabwitsa. Chimene chinandidabwitsa n'choti kumeneko kupanikizanako ndi kumene akugulitsa. Chigawo ichi munthu angathe kuchiyenda yekha popanda womutsogolera, ndipo sangataye zambiri.

Ndalama yanga inabwerera pamene mayiyo anatichotsa pa msewu wa alendo n'kutilowetsa kuseri kwa nyumba zina, kumene kumakhala migolo ya zinyalala, ndipo anatiimitsa pa khoma lija alamu anga analiseka. Pulasitala inali itachoka malo aakulu ngati lichero, ndipo chimene chinaonekera m'kati sichinali njerwa zoyalidwa mizere monga ndinkayembekezera. Munali nsangalabwi za kugombe, miyala yakuda yolimba yotchedwa flint, zidutswa za njerwa zoikidwa chopendekera, ndi kachidutswa ka thabwa kowola, zonsezo zitamatidwa ndi laimu. Kamangidwe kameneka eni ake amakatcha bungaroosh, ndipo nyumba zambiri za ku Brighton ndi Hove zomangidwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1700 mpaka pakati pa zaka za m'ma 1800 zili ndi makoma otere. Amisiri ankaimika matabwa uku ndi uku monga timachitira pothira konkire, n'kumathiramo laimu pamodzi ndi chilichonse chimene chinali pafupi, akauma n'kukweza matabwawo m'mwamba n'kuthiranso. Chifukwa chake sichovuta kumva kwa munthu amene anayendetsapo ntchito yomanga: njerwa zinali zodula ndipo boma linkazikhometsa msonkho kuyambira 1784 mpaka 1850, nsangalabwi zinali zongotola, ndipo tauni inkakula mothamanga kotero kuti aliyense ankafuna amalize msanga alandire lendi. Akatha ankapaka pulasitala yosalala, n'kulembamo mizere yooneka ngati miyala yosema, kenako penti, ndipo wodutsa pa msewu ankaona nyumba yachifumu.

Ndinapempha chilolezo n'kudutsitsa chala pa laimuyo, ndipo inanyenyeka ngati ufa wa mgaiwa. Kunena zoona, mmisiri akanandimangira khoma lotere pa ntchito imene ndinkayang'anira, bwenzi nditamugwetsetsa tsiku lomwelo ndi kumudula malipiro. Komabe makoma amenewa aima zaka 200, ena atasenza nyumba zosanjikizana kanayi kapena kasanu, pamalo a mphepo ya mchere. Ndinafunsa mayiyo kuti amawakonza bwanji akagumuka, ndipo yankho lake linandisonyeza kuti sanangoloweza nkhani. Anafotokoza kuti mdani wa khoma lotere ndi madzi, ndipo mdani wachiwiri ndi mmisiri amene amabwera ndi simenti. Laimu imalola chinyezi kulowa ndi kutuluka, pamene simenti imachitsekera m'kati, kotero kuti wopaka simenti amaganiza kuti walimbitsa khoma chikhalirecho walimangira madzi m'mimba, ndipo patapita zaka pulasitala imafufuma n'kugwa itanyamula zam'kati. Izi ndi zimene ndakhala ndikuuza anthu ku Mtandire ndi kwa Chinsapo amene amapaka simenti yolimba pa nyumba ya zidina n'kumadabwa ikusendeka m'dzinja lachiwiri. Nyumba ya zidina yokhala ndi denga losadontha ndi khonde lotchinga mvula imakhalitsa kuposa ya njerwa zootcha imene madzi akuinyambita m'munsi. Tinakambirana zimenezi mphindi khumi anzathu ena atayamba kuyang'ana mafoni awo, ndipo kwa ine mphindi khumi zimenezo zinakwanira mtengo wonse.

Kenako tinatulukira pa Old Steine, bwalo limene asodzi ankayanikapo maukonde awo mpaka pamene adawachotsa kuti olemera aziwongolerapo miyendo, nkhani imene aliyense amene waona makoteji akumera pamene panali matandala a usipa ku Senga Bay angaimve popanda womasulira. Pafupi pomwepo pali Royal Pavilion, nyumba imene alendo onse amadzera. George, mwana wa mfumu amene pambuyo pake adakhala George IV, adafika ku Brighton koyamba mu 1783, ndipo mu 1787 Henry Holland adamukonzera nyumba yapakatikati. Kuyambira 1815 John Nash adaikuta nyumbayo ndi mafelemu a chitsulo n'kusanjikapo madenga ooneka ngati anyezi ndi nsanja zowonda za kamangidwe ka ku India, kotero kuti alamu anga ataona chithunzi chake anandifunsa ngati unali mzikiti wonga wa ku Old Town. Mfumukazi Victoria sadaikonde chifukwa anthu ankamusuzumira, ndipo mu 1850 idagulitsidwa ku tauni pa mtengo wa mapaundi 53,000.

Apa ndi pamene dandaulo langa loyamba lagona. Tinaima panja pa nyumbayo mphindi zoposa 30 tikumva za ngongole za George, za kunenepa kwake, ndi za ukwati wake wamseri wa mu 1785 ndi Maria Fitzherbert, mayi wamasiye wa Chikatolika amene nyumba yake ya Steine House, yomangidwa mu 1804, ili chapafupi. Anzathu ena ankaseka kwambiri, ndipo ndikumvetsa kuti miseche ya kunyumba yachifumu ndi imene imagulitsa malonda otere. Koma nkhani yoti nyumba yomweyo idakhala chipatala cha asilikali a ku India ovulala pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, kuyambira 1914 mpaka 1916, ndi yoti chipata cha kumwera chidamangidwa mu 1921 ngati mphatso yothokoza yochokera ku India, anaikamba m'ziganizo ziwiri tikuyenda kale. Komanso owerenga adziwe kuti mapaundi 15 aja salowetsa munthu m'kati mwa Pavilion, ngakhale chithunzi chimene amaitanira nacho alendo ndi cha m'kati. Ife tinabwerera tsiku lina n'kulipira padera, ndipo sindinong'oneza bondo: m'chipinda chodyera muli nyali ya magalasi yotalika pafupifupi mamita 9, yolemera ngati tani imodzi, yolendewera m'zikhadabo za chinjoka cha mapiko, ndipo m'khitchini nsanamira za chitsulo adazikongoletsa ngati mitengo ya kanjedza. Wofuna zimenezi akonzeretu ndalama ina.

Titadutsa hotela ya Royal Albion, imene idamangidwa pamene padali nyumba ya Dokotala Russell ndipo idapsa mu Julaye 2023, tinakhotera kum'mawa kutsata Marine Parade, msewu wa pamwamba pa gombe. Kumeneko mphepo inatilandira popanda ulemu. Mayiyo analibe chokuzira mawu, Chingerezi chake chinali chothamanga, ndipo mbalame za kunyanja zinkalira ngati zalipidwa, kotero kuti amene anali kumbuyo ankangoona milomo ikugwedezeka. Ine ndinadziphatika pafupi naye ngati mwana wa sukulu wofuna kukondedwa, koma mayi a kunyumba anamva theka lokha. Munthu amene Chingerezi cha eni ake chimamuvuta asachite manyazi kuima kutsogolo ndi kupempha kuti abwereze; ndinaona kuti akapemphedwa amabwereza mosanyinyirika.

Pa Royal Crescent ndinachita manyazi a ntchito. Ndi nyumba 14 zolumikizana, zokhota pang'ono ngati uta, zoyang'ana kunyanja, zomangidwa pakati pa 1798 ndi 1807, ndipo makoma ake ndi akuda onyezimira. Mayiyo anafunsa kuti tikuona ngati zamangidwa ndi chiyani, ine n'kuyankha molimba mtima kuti ndi njerwa zopakidwa zonyezimiritsa, zoyalidwa ndi mmisiri wodziwa chingwe. Anamwetulira n'kutiuza kuti si njerwa ayi, koma matailosi opyapyala okhomeredwa pa mafelemu a matabwa, lina kuphimba linzake monga timayalira matailosi a padenga, nkhope yake yokha ndi imene idaumbidwa mofanana ndi njerwa, mipata n'kuimata bwinobwino. Amawatcha mathematical tiles, ndipo ubwino wake ndi woti ndi opepuka komanso mchere ndi mvula zimangotsetsereka. Zaka 30 ndikuyala njerwa, koma ndinapusitsidwa ndili pa mtunda wa mamita ochepa chabe.

Mwini ntchitoyo adali J.B. Otto, wamalonda amene adali ndi minda ku West Indies. Nditamva zimenezo ndinafunsa kuti, ngati ndi choncho, ndalama zomangira nyumbazi zidachokera m'thukuta la yani, popeza minda ya kumeneko pa nthawiyo inkalimidwa ndi akapolo ochokera ku Africa, ndipo 1807, chaka chimene nyumbazi zidatha, ndi chaka chomwecho chimene Britain idaletsa malonda ogula ndi kugulitsa akapolo, ukapolo weniweniwo n'kudzathetsedwa ndi lamulo la mu 1833. Mayiyo anavomera mwaulemu kuti funsolo ndi loona, koma nthawi yomweyo analumphira ku nkhani yoseketsa ya chiboliboli cha George chimene Otto adaimika patsogolo pa nyumbazo pofuna kukondedwa, chimene mphepo idachiguza mpaka kuchoka ziwalo, anthu n'kuchichotsa. Gulu linaseka, ndipo tinapitirira. Sindikuganiza kuti anachita zimenezi ndi mtima woipa. Ndikuganiza kuti ulendowu adaukonzera anthu amene safunsa funso limenelo. Koma munthu amene wandionetsa moona mtima zimene zili kuseri kwa pulasitala ndinkayembekezera kuti andionetsanso zimene zili kuseri kwa ndalama.

Malo omaliza anali Kemp Town, kumene kuli Sussex Square ndi Lewes Crescent, ndipo kukongola kwake sindingakutsutse. Nyumba zoyera zazitali zayalana mozungulira munda waukulu umene makiyi ake ali ndi eni nyumba okha, ndipo kuchokera m'mundamo muli njira yapansi yotulukira kugombe. Thomas Read Kemp adayambitsa ntchitoyi mu 1823, mapulani ake adajambulidwa ndi Charles Busby ndi Amon Henry Wilds, ndipo mmodzi mwa omanga adali Thomas Cubitt, amene adamanganso zigawo zazikulu za London. Chimene chinandiseketsa n'choti nyumba zambiri ankayamba kumanga chigoba chokha ndi nkhope ya kumsewu, kuti mzere uoneke wofanana, zam'kati n'kusiyira wogula, ndipo zina zidakhala zaka zambiri zili mabwinja ovala suti. Kemp yemweyo ngongole zidamupana, adathawira kunja kwa dziko mu 1837, ndipo adamwalira ku Paris mu 1844. Aliyense amene wayenda ku Area 49 kapena ku Area 43 n'kuona nyumba zofika pa lintala zitamera udzu m'kati, geti lokha lili lopakidwa penti, adziwa kuti matendawa si athu okha ndipo si atsopano.

Pamenepa mayiyo anachitanso chinthu china chabwino. Anatiuza kuti tisiye kuyang'ana m'mwamba tiyang'ane pansi, ndipo anatilozera tizivundikiro ta chitsulo tozungulira, taukulu ngati mbale ya nsima, tomwe tili m'njira ya oyenda pansi patsogolo pa nyumba iliyonse. Mmenemo ndi mmene ankathiramo malasha, kuti agwere m'chipinda cha pansi pa msewu popanda wonyamula wakuda ndi fumbi kudutsa pa khomo la bwana. Pambali pa khomo lalikulu pali masitepe opapatiza otsikira pansi pa nthaka, ndipo kumeneko ndi kumene kudali khitchini ndi antchito. Ena mwa antchitowo ankagona pamwamba penipeni pansi pa denga, n'chifukwa chake mazenera amanka nachepa munthu akamakweza maso. Nyumba za azungu za ku Area 3 zidaika antchito kuseri, m'maboyizikota, pamene izi zidawaika pansi, koma maganizo ake ndi amodzi.

Nkhaniyi inandikhudza chifukwa mwana wathu amakhala m'chipinda chotero, pansi pa nyumba ina yakale ya ku Hove, chifukwa nyumba zambiri zoterezi adazigawa kale m'mafulati. Zenera lake limaona nsapato za odutsa. Pakona pali makina oyamwa chinyezi amene ndinkawakhuthula madzi m'mawa uliwonse, ndipo tsiku lina nditaona kuti mabuku ake ali pansi ndinadzipereka kumukhomera shelefu. Anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Bambo, musayerekeze kukhoma msomali pamenepo, eni nyumba anakaniza, akuti khoma lake mukabowola mumapeza mwala wosabowoleka kapena fumbi lokhalokha." Pa nthawiyo ndinaganiza kuti ndi nkhanza za eni nyumba basi, nditachoka pa ulendo uja ndinadziwa kuti akunena zoona. Chapafupi ndi kwawoko kuli Brunswick Square ndi Brunswick Terrace, zomangidwa kuyambira 1824, kumene lamulo la mu 1976 limakakamiza eni nyumba kupaka penti zaka zisanu zilizonse, ndipo mtundu wake ndi umodzi wokha, woyera mopita kuchikasu. Ulendo wathu sunafike kumeneko chifukwa ndi mbali ya kumadzulo, koma munthu wophunzira kuyang'ana angathe kupitako yekha ndipo salipira kanthu.

Zofooka zina ndi za thupi, ndipo kwa anthu a msinkhu wathu si zazing'ono. Maola awiri aja anasanduka pafupifupi atatu, ndipo panalibe pamene tinaima kuti munthu akhale pansi kapena apite kuchimbudzi. Mayi a kunyumba ali ndi vuto la mawondo, ndipo pofika ku Royal Crescent anali atayamba kutsalira. Wotitsogolera anachepetsako liwiro, koma sanafunse pachiyambi ngati pali wina wovutika kuyenda, chinthu chimene sichidya ndalama. Chachiwiri, ulendowu umathera kutali ndi kumene unayambira, ndipo anangotsanzika n'kutilozera kumene kuli basi. Mwayi wake, kunsi kwa Kemp Town kumadutsa kasitima ka magetsi ka Volk's Electric Railway, kamene kadayamba kuyenda mu 1883 ndipo ndi kakale kwambiri pa dziko lonse mwa masitima a magetsi amene akuyendabe, ndipo popeza kamayenda miyezi yotentha yokha, ife tinakapeza chifukwa unali Seputembala. Tinakwera kameneko kubwerera cha ku Palace Pier, mlatho wa zisangalalo wolowa m'nyanja umene udatsegulidwa mu 1899, ndipo m'njira ndinaona mzere wautali wa nsanamira ndi mauta a chitsulo a Madeira Terrace atadyedwa ndi dzimbiri, atatchingidwa ndi mpanda kuti anthu asayandikire. Nawonso azungu zina zimawakanika kusamala. Wopita kumeneko avale nsapato zofewa ndi jekete lotchinga mphepo ngakhale dzuwa likuwala, ndipo asayembekezere mchenga wa ku Salima, chifukwa gombe lonse ndi nsangalabwi.

Pamenepa wina angafunse ngati ndikulimbikitsa anthu kulipira kapena ayi. Kwa munthu wa ntchito zomanga, wophunzira zojambula mapulani a nyumba, kapena aliyense amene amakonda kudziwa mmene chinthu chidapangidwira, ndikuti lipirani, chifukwa khoma la kuseri lija ndi matailosi a Royal Crescent simungazizindikire nokha, ndipo zikwangwani za buluu zimene zili pa makoma zimangotchula mayina a anthu otchuka amene adagonamo. Kwa munthu wofuna zithunzi zokongola zotumiza pa WhatsApp, ndalamayo ndi bwino aisungire tikiti ya m'kati mwa Pavilion, misewuyo ayende ndi mwana wake. Kwa okalamba, funsani musanalipire ngati pali ulendo waufupi wothera pa Old Steine.

Koma kwa mlendo wochokera ku Africa pali zimene ulendowu sunatchule n'komwe, ndipo ndinazimva kwa mnzake wa mwana wathu wa ku Nigeria tikudya chakudya chamadzulo. M'tchalitchi chomwe chija cha St Nicholas, pamene tinaima mphindi 20, ndi mmene mu Ogasiti 1862 mudachitikira ukwati wa Sara Forbes Bonetta, mtsikana wa Chiyoruba amene adagwidwa ukapolo ali mwana n'kudzaleredwa mothandizidwa ndi Mfumukazi Victoria, ndi James Davies, wamalonda wa ku Lagos. Ndipo ku manda a Woodvale, kumtunda kwa tauni, kuli chiliza cha mnyamata wotchedwa Thomas Highflyer, amene adapulumutsidwa m'ngalawa ya akapolo kufupi ndi Zanzibar mu 1866 n'kupatsidwa dzina la sitima ya nkhondo imene idamupulumutsa. Ife a ku Malawi tikudziwa kuti njira zina zopita kumsika wa akapolo wa ku Zanzibar zinkadzera ku Nkhotakota kwa Jumbe, choncho nkhani imeneyi sinali ya kutali kwa ine. Ndinalembera a ulendo aja uthenga wowathokoza ndi kuwapempha kuti achotseko mphindi khumi pa mimba ya George aziike pa anthu awiriwa, ndipo anayankha mwaulemu kuti aganizirapo.

Loweruka lomaliza tisananyamuke, mwana wathu anatikweza basi kupita ku Woodvale. Manda ake ndi aakulu, a mitengo yambiri ndi tinjira tokwera ndi kutsika, ndipo tinasochera kawiri tisanapeze malowo. Mwalawo ndi waung'ono poyerekeza ndi ya oyandikana nawo, ndipo umanena kuti mnyamatayo adabatizidwa ku Brighton mwa kufuna kwake mu 1870, n'kumwalira chaka chomwecho ali ndi zaka pafupifupi 12. Mayi a kunyumba anawerama n'kuzula udzu umene unamera m'mphepete mwake, monga timachitira polambula manda kumudzi, ndipo ine ndinajambula chithunzi chimene chili chotsatira pambuyo pa khoma logumuka lija. Alamu anga atachifika anafunsa kuti kumeneko tinalipira zingati, ndipo ndinawauza kuti tinalipira ya basi yokha.